Bowo la Lamba

M'galaja ku Torino, chisanu chikuluma zala,
Gaspare wagona chagada pansi pa Lancia ya malemu bambo ake.
Dzimbiri likumugwera m'maso.

Galimotoyi inabadwa yopanda malamba.
Bambo ankati dzanja lawo n'lokwanira:
akaponda buleki, ankalitambasulira pachifuwa cha mwana.

Lero iye akuboola chitsulo.
Kunsi kwa bowo wawotcherera chigamba chochindikala
kuti bawuti isadzazuke tsiku loipa.

Mpando watsopano, wakuya ngati chikhatho,
wauyeza kanayi.
Miyendo yake ikuti, ubweze m'mbuyo.

"Ornella, tadzakhala apa."
Mtsikana waponda kilatchi,
chafikapo chala chokha.

Gaspare wafufuta mzere wa choko,
wasendeza njanji kutsogolo,
wamanga nati mpaka dzanja lachita dzanzi.
Kenako wakoka lamba mwadzidzidzi, kawiri.

Wagwira.