Banga la Khofi pa Tsamba 212

Linabweranso Lachitatu, kachisanu ndi chiwiri,
mu envulopu yomwe ndinamata ndekha masitampa.
Wa positi anakwera masitepe onse a phiri lathu
akuwefuka, thukuta kamukamu,
n'kundipatsa mtolo wanga
monga apolisi abwezera mwana wothawa kwawo.

Kalata yake inali yaifupi, yosindikiziratu:
"Okondedwa a Herminia Cárcamo,
tathokoza, koma silikugwirizana ndi zomwe tikufuna chaka chino."
Dzina langa lokha ndilo analemba pamanja,
nalonso anaphonya chilembo chimodzi.

Ine ntchito yanga ndi kugulitsa matikiti
pa chikepe chokalamba chokweza anthu kuphiri, kuno ku Valparaíso.
Chikwera, chitsika. Chikwera, chitsika.
Pakati pa maulendowo ndimalembera pabondo,
zaka zisanu ndi chimodzi tsopano,
za bambo anga amene ankasenza matumba padoko
mpaka msana wawo unapindika ngati mbedza yawo yomwe.

A ku Santiago anati bukuli latalika, ndidule.
Ndinadula. Ndinachotsa azakhali awiri ndi maliro amodzi.
A ku Concepción anati lauma, lilibe mnofu.
Ndinabwezamo zakhali mmodzi.
Wina analemba ndi inki yofiira m'mbali:
"Anthu salankhula chonchi."
Ndinaseka mpaka okwera anandicheukira,
poti mawuwo ndinawatola pakamwa pa bambo anga
sabata yomwe anatisiya.

Mlongo wanga Baldomero anati,
"Mapepala salipira magetsi, iwe.
Yatsira mbaula, Julayi uno walusa."
Ndipo ndinatsala pang'ono.
Ndinakhala pansi pafupi ndi moto,
kutsegula masamba komaliza ngati woona nkhope pa maliro,

ndiye ndinaliona.
Tsamba 212. Banga la khofi,
lozungulira bwinobwino, pomwe wina anakhazika kapu.
Ine sindimwa khofi, amandithamangitsa mtima.
Kunsi kwake, ndi pensulo yobuntha, timalemba ting'onoting'ono:
"Mfundo iyi samanga chonchi pa chingwe cha sitima.
Agogo anga ankayambira kumanzere."
Popanda dzina.

Ndinawerenga kasanu, moto n'kuzima ndili pomwepo.
Ndiye kuti munthu wina, m'chipinda chomwe sindidzachiona,
anayenda nane masamba mazana awiri ndi khumi ndi awiri,
khofi wake akuzizira,
mpaka kupsa mtima ndi mfundo ya chingwe!
Sanati ndi labwino. Sanati ndi loipa.
Anangokangana nane, monga munthu achitira ndi mnzake.

M'mawa, chikepe chisanadzuke, ndinatsikira kudoko.
Nkhungu inali isanachoke, nsomba zikununkha.
Ndinapeza a Nemesio, amene anasenza matumba limodzi ndi bambo,
atakhala pa bokosi akusenda lalanje.
Ndinawapatsa kachingwe osanena kanthu.
Anapukuta zala pa buluku,
n'kuyambira kumanzere.

Zaka zisanu ndi chimodzi
ndakhala ndikupotoza manja a bambo anga,
ndipo mwa onse amene anandikana
mmodzi yekha ndiye anayang'ana manjawo.

Ndakonza mzere umodziwo. Umodzi wokha.
Zakhali uja akhala momwemo,
mawu a bambo akhala momwe anatulukira,
wa inki yofiira adzazolowera.
Ndagula envulopu ina. Masitampa akweranso mtengo,
ndipo Baldomero wapukusa mutu mpaka chipewa kugwa.

Koma tsamba lakale lija silipita.
Ndasindikiza lina loyera loti litumizidwe.
La banga ndalimata m'kanyumba kanga ka matikiti,
kunsi kwa chikwangwani cha mitengo,
pomwe limagwedezeka nthawi iliyonse chikepe chikanyamuka.
Dzulo mnyamata wina wa chikwama kumsana
analoza bangalo n'kufunsa ngati ndi mapu a doko.
Ndinamupatsa chenje chake.
Kumbuyo kwake kunali mzere wa anthu ochedwa kuntchito.