Timagetsi ta Zione

Zione wabwera nato m'jumbo yakuda,
timagetsi tophethira, tofiira, tobiriwira,
akuti wagula pa Malangalanga
ndi ndalama ya ganyu yoluka tsitsi.
"Amayi, Khirisimasi ino nafenso tiwale."

Ine maso ali pa mita.
Mita imodzi, makomo anayi, kuno ku Kawale,
ndipo lero yatsala ndi mayunitsi khumi ndi kachidutswa.
Kachidutswako ndimakadziwa
ngati chipsera cha pamwendo panga.

M'firiji muli mafirizesi makumi asanu ndi atatu,
a malambe, a bwemba.
Fizi ya mu Januwale ikuuma m'menemo pang'onopang'ono.
Ikasungunuka, ndani adzandimvere chisoni?

A Mdzeka a khomo lachitatu atulukira ndi kope lawo,
lija amalembamo mababu a aliyense,
simbi ya uje, ketulo ya uje.
"Mwana iwe, magetsi amachoka kutali.
Madzi agwe pa Nkula,
moto ukwere mawaya, udutse Balaka, Ntcheu, mapiri a Dedza,
ufike kuno ndi thukuta,
kuti udzangophethira mu mtengo wa mapeyala?"

Zione sanakweze mawu.
"Agogo, dzulo ndadutsa ku City Centre usiku.
Maofesi akuyaka kuchokera pansi mpaka kumwamba,
mulibe munthu, mipando yokhayokha.
Kope lawo amasunga ndani?"
Kenaka waloza pakhonde pa a Mdzeka:
babu lawo likuyaka, dzuwa lili pamutu.

Ndinabisa kuseka m'chitenje.
Koma a Mdzeka sananame ayi.
Ndagonapo pa benchi ku chipatala
ndikumvera jenereta ikutsokomola,
ndikupemphera kuti isaleke.
Kuwala kuli ndi mwini wake kwinakwake,
amene akukufuna kuposa ife.

Tinakangana mpaka mvula inatibalalitsa.
Itakata, tinagwirizana chonchi:
kuyambira sikisi mpaka eyiti basi,
ndipo pa maola awiriwo
nyumba zonse zinayi zizime.
Wailesi, kanema, simbi, zonse zii.
Firiji yokha ndinaipempherera chikhululuko.

Ndiye tinatulutsa mikeka, mipando yothyoka miyendo,
ndi ndowa zovundikira.
Zione anakwera mu mtengo, dilesi atalimanga m'chiuno,
kukulunga waya m'nthambi zonyowa.
Mwana wa Nachisale anawerenga: wani, thuu,
sanafike pa fili.

Phethi! Phethi!

Masamba anasanduka ofiira, kenaka obiriwira kuposa kale.
Madontho a mvula aliwonse ndi nyali yakeyake.
Ndinaona nkhope za anthu
amene ndakhala nawo zaka zisanu
ndikungowadziwa ndi ngongole za mita.

Kenaka ngumbi!
Zinachoka kuchulu cha kuseri kwa bafa,
gulu lonse kulunjika mtengo wathu,
poti pabwalo ponse kuwala kunali pomwepo.
Ana ndi mabeseni, Nachisale ndi lichero,
a Mdzeka ndi chipewa chawo cha kutchalitchi.
"Mwaona," anatero Zione ali m'mwamba,
"timagetsi tabweza ndiwo."

Eyiti itakwana, mkuluyo anapita pa mita
ndi tochi ya pafoni.
Anayang'ana nthawi yaitali.
Anapukuta magalasi, nayang'ananso.
Kachidutswa kokha ndi komwe kanapita.
Kope analitseka osalembamo kanthu.
"Onjezerani mphindi khumi," anatero,
ngati munthu wopereka mbuzi.

Sizinakwane.
Magetsi anathima Kawale yense,
kufuula kunamveka mpaka ku Biwi.
Tinakhala chete mu mdima wonunkhira dothi,
mapiko a ngumbi atamatirira m'manja.

Ine ndinalowa mopapasa,
ndinagwira chitseko cha firiji, osatsekula,
kuchiuza kuti chipirire mpaka m'mawa.
Panja ndinamva a Mdzeka akufunsa motsitsa,
"Zione, mawa sikisi yomweyo?"