Bowo la Msomali

Ndine telala wa pakhonde la sitolo ya a Bwanali,
kuno ku Linga, moyang'anana ndi pokwerera minibasi.
Tsiku lonse tepi yanga imazinga ziuno za eni ake,
za mahedimasitala, za akwati, za ogulitsa matabwa.
Changa ndimachiyeza usiku, chitseko nditatseka,
ndipo tepi imanditsalira yambiri m'manja
ngati chingwe cha mbuzi yothawa.

Mabowo a lamba wanga anatha kalekale.
Anayi enawa ndinaboola ndekha
ndi msomali wofiira pambaula.

Anthu sanong'ona bwino kuno.
"Koma anakayezetsa ameneyu?"
Ndinakayezetsa. Kawiri.
Magazi ali bwino, chifuwa chilibe mlandu.
Njala yokha ndiyo inandithawa ukwati,
inalongedza usiku osatsanzika.

Mungainene bwanji nkhani yotere mu Febuluwale,
anzanu akugona ndi madzi m'mimba?
Iwo ali ndi njala, alibe mbale.
Ine mbale ili apa, yadzaza,
ndikungoiyang'ana ngati kalata ya ngongole.

Asiyatu, mlamu wanga, amabweretsa mpunga wa faya
wonunkhira mpaka kuseri kwa mpanda.
Sipuni yoyamba imalowa. Yachiwiri imakambirana.
Yachitatu, pakhosi patseka
ngati zipi yadzimbiri.

Anandiwombola ndi mayi Nasimango, anamwino,
atabwera kudzakulitsa yunifolomu yawo.
Mapini ali kukamwa kwanga, iwo akulankhula:
"Vuto lanu mukufuna kugwetsa phiri kamodzi.
Idyani ngati nkhuku, kutolatola.
Madzi azibwera pambuyo, asakulandeni malo.
Ndipo musamudikire mkazi wothawayo.
Idyani pa nthawi, adzakupezani mukudya."

Wotchi ndilibe.
Koma mzikiti uli kuseri kwa sitoloyi,
ndiye ine, mwana wa ku Angilikani,
azana ikamveka anzanga akuvula nsapato,
ndimaimitsa makina n'kutsegula kadilowa.
Muli mabatani, masingano, choko,
ndi mtedza wokazinga m'kabotolo ka mankhwala.
Kasanu pa tsiku.
Mbandakucha, phala lothira chiponde mpaka lichite bii.
Masana, theka la peyala, kamchere pang'ono.
Kenako dzira. Kenako nthochi ziwiri za zeru
ndi kapu ya chambiko.

Sikuti zonse zimatsika mwaulemu.
Lachiwiri lapitali dzira linabwerera
ndipo ndinakhala kuseri kwa sitolo, maso ali misozi,
kutukwana nkhuku imene inaliikira.
Azana yotsatira ndinadya nthochi imodzi basi.
Imodzi ndi imodzi ndithu.

Twaibu, mnyamata amene ndikumuphunzitsa kusoka kolala,
amadya ngati akuthamangitsidwa.
Ndinamuuza aleke kukadyera kumsika,
azikhala nane pabenchi.
Ndikamuona akunyambita zala, akupukuta mbale ndi chigumu,
dzanja langa limapita lokha
ngati likuopa kumanidwa.

Loweruka lililonse ndimapita kwa ogula mpunga.
Amandikhazika m'chiguduli, n'kundikoleka pa sikelo
miyendo ili lendelende,
anyamata akufuula, "Thumba losakwana ilo!"
Makilo fote-seveni.
Fote-seveni ndi theka.
Sabata ina muvi unabwerera m'mbuyo,
sindinalankhule ndi munthu mpaka Lolemba.
Dzana wafika pa fote-naini.
Ndipo poti tonse tikudziwa kuti sikelo ya venda imaba,
mwina ndili ndi ena awiri
amene sanandiwerengere.

Lero m'mawa lamba wakana bowo lomaliza.
Ndamukoka, wakana.
Ndabwerera bowo limodzi, la msomali lomwe,
koma ndabwerera.

Ndatenga thalauza langa la tchalitchi
limene ndinalichepetsa chaka chatha.
Nsalu sindinaidule, ndinangoipinda mkati.
Ndikusomola ulusiwo pang'onopang'ono ndi lezala,
ndiye cha m'ma teni, azana isanamveke n'komwe,
ndamva kulira, kuuu.

Ndayang'ana pansi pa makina,
ndimayesa ndi lamba wa gudumu.
Twaibu wayamba kuseka.
"Abwana, si makina amenewo."