Kusamutsa Chisa

Kope langa lanyowanso.
Disembala 9, kummwera kwa kamtsinje:
mazira atatu, mayi alipo, mphepo yochokera kummawa.
Pensulo yokha ndiyo imalemba pa pepala lamchere,
bolopeni inandikana chaka choyamba.

Huhana amaitchula tūturiwhatu.
Ine lilime limapindika, ndimangoti Yofiira-Yoyera,
potengera timphete tomwe tinaiveka kumwendo.
Chisa chake si chisa ayi,
ndi kadzenje ngati popondapo chidendene cha mwana,
pambali pa chikuni cholavulidwa ndi nyanja.

Zaka makumi awiri ndinkadutsa pano ndi pikapu,
kuthamangira nsomba mbandakucha,
nyali zili ngwee, wailesi ikusokosera.
Sindinamvepo kanthu pansi pa matayala.
Dzira silikuwa.

Tsopano ndimakhoma zikhomo, ndimakunga chingwe,
ndimanunkhiza misampha ya likongwe kuseri kwa milu ya mchenga,
ndimawerenga mapazi a mphaka ngati kalata yoopseza.
A Pritchard amati galu wawo saluma.
Ndimawayankha kuti mano sindiwaopa,
ndimaopa mphindi khumi zimene mayi amadzukapo,
dzuwa la Coromandel n'kuphika zomwe zili m'chikamba.
Amandiyang'ana ngati wopenga
koma lamba amamumanga, mpaka nditatembenuka.

Lero vuto si galu.
Mwezi wakhuta, nyanja yatupa,
pepala la mafunde likuti isanakwane eyiti usiku
madzi adzanyambita pomwe pali chikuni chija.
Huhana wabwera ndi chilolezo m'thumba la jekete
ndi tiyi wozizira kale.

Mita imodzi basi, akutero, osapitirira.
Ndagwada. Mazira ndi ofunda, opepuka mochititsa mantha,
amawangamawanga ngati mchenga womwewu.
Ndakumba kadzenje ndi chibakera,
ndawaika nsonga zikuyang'anizana monga ndinawapezera,
ndakoka chikuni, chigoba chosweka chija,
ndi ndere zouma, chilichonse pamalo pake,
kunamiza mbalame kuti dziko silinasunthe.

Iyo nayo ikundinamiza.
Ikukwakwaza phiko pansi, ikutsimphina, ikulira,
nditsate ine, ndathyoka, nditsate!
Abodza awiri pagombe limodzi
chifukwa cha mazira omwewo.

Tabwerera kutali, tagona chafufumimba.
Yazungulira. Yaima pamalo akale, yajompha mchenga.
Mawondo anga akuwerenga zaka zanga.
Kenaka phee, yakhalira.
Huhana wanditsina pamkono osanena kanthu.

Kanayi tachita zimenezi, dzuwa likupendeka,
kanayi yatikhululukira.
Kachisanu yakana kwa theka la ola,
thovu likufika pa zikhomo zoyamba,
chikwangwani chathu chikuyandama chagada,
ine ndikutukwana chamumtima munthu wa pikapu uja.
Mdima wagwa tisanaone ngati yabwerera.

Kunyumba sindinagone.
Nyanja imamveka mpaka kukhitchini.

Mmawa gombe lasesedwa, lasalala ngati mbale yotsuka.
Malo akale palibe, ngakhale achiwiri, ngakhale achitatu.
Chikuni chili pomwe ndinachisiya,
mzere wa thovu utalekezera chikhatho chimodzi kutsogolo kwake.
Ndapukuta magalasi oonera patali ndi malaya, manja akunjenjemera.
Ilipo. Nthenga zanyankhalala, diso lili pa ine.

Itadzuka kukasaka nthata za m'mchenga, ndawerenga.
Awiri.
Lachitatu sindikudziwa, kaya funde, kaya kanungu,
kaya chala changa chomwechi chinalisiya pendapenda.
Kope lilibe mzere wolembapo zimenezo.

Ndalemba: Disembala 10, mazira awiri, mayi alipo.
Kwatsala masiku khumi ndi awiri kuti aswe,
kenaka masabata asanu ndi limodzi a timiyendo ngati machesi
pakati pa matawulo, mipira ndi makombola a Chaka Chatsopano.
Uko a Pritchard akutsika masitepe, lamba ali m'manja,
galu ali kale patsogolo.
Ndatseka kope. Ndikupita kukawapatsa moni.