Utoto Woyera

Ine ntchito yanga ndi zilembo.
Dzina la butchala ya Che Ajibu ndinalemba ndine,
"Ngongole mawa" pa magolosale asanu ndi awiri,
ngakhale "Osakodza pano" wa kuseri kwa depoti
ndi dzanja lomweli.
Palibe anandifunsapo chilolezo.

Lolemba kunabwera anyamata a kabaza,
Twaibu patsogolo, bolodi ali nalo pamutu,
ndalama zosonkherana zitanyowa thukuta.
Akuti lemba: Mankhwala apita kuti?
Mkazi wake anatsirizikira pa benchi ya chipatala
mwezi wa Ramadhani,
kapepala kokagulira kufamase kali m'manja.

Ndinasankha wofiira.
Chizindikiro cha funso ndinachikhotetsa bwinobwino
ngati mbedza.

Kalata anakasiya kwa bwanamkubwa.
Yankho linafika Lachinayi, maofesi akutsekedwa:
apolisi ndi ochepa, msewu ndi wopapatiza,
dikirani tsiku lina tidzakuuzani.
Kutacha, apolisi ochepa aja
anadzaza kuyambira pa nsanja ya wotchi mpaka pamlatho,
mbuzi yomwe kusowa podutsa.
Utsi unalowa mumsika anthu akuchokera ku Juma,
amayi a tomato analira maliro opanda mtembo,
nkhwaira zili mbwee mumsewu,
iliyonse yopanda inzake.

Loweruka kunabwera bambo wa malaya a maluwa.
Sanakalipe ayi.
Anakhala pa chitini changa cha utoto,
nafunsa za mayeso a Rukia, mwana wanga,
kumutchula dzina lenileni.
Kenako akuti: Achimwene, dzanja lanu ndi lokongola,
M wanu amatalika mwendo umodzi,
timamudziwa tawuni yonse ino.
Anandisiyira bolodi lija, lothyoka pakona,
ndi chidindo cha jombo pakati.

Usiku womwewo ndinalipaka woyera.
Burashi inkanjenjemera, sindinama.
Mkazi wanga anagwira tochi osayankhula.

Pano lili pa shopu ya Mdoka wometa,
likunena mitengo: mpala, ndevu, ana.
Koma woyera wa masiku ano ndi madzi okhaokha,
ndipo ndinausungunula ndi parafini wambiri,
kaya mwadala kaya ndi umphawi,
musandifunse.
Dzuwa likafika paliwombo
wofiira uja amatuluka pansi pake
ngati bala lokana bandeji.
Odikira kumetedwa amayang'ana, milomo n'kumagwedera,
kenako n'kuyamba nkhani za mpira.

Twaibu akadali m'chitokosi,
mlandu wake akuti fayilo ikufunidwa.
Njinga yake yatsamira mpanda wa kupolisi,
matayala aphwa, pa kaliyala pagona mphaka.

Dzulo Mdoka anandikodola,
akuti bwera udzapakenso kachiwiri,
mbedza ija ikuoneka, indiphetsa.
Ndinamuuza kuti utoto wakwera mtengo.
Wakweradi.
Anandiyang'ana pagalasi nthawi yaitali,
makina akulira m'dzanja lake,
nati: chabwino, tidikire mwezi uthe.