Kamkanda Kosunga Chinsinsi

Ku Gdańsk dzuwa lalowa 3 koloko masana.
Jagoda akadali m'labotale, khofi wazizira.
Patebulo pali mabotolo awiri:
lina la asidi, lotsanzira chifu,
lina la madzi ofatsa ngati a m'matumbo.

Waponya kamkanda ka jeli m'botolo loyamba.
Kakhwinyata,
katseka pakamwa ngati mwana wobisa ndalama m'tsaya.
Mankhwala ali m'kati, osatuluka ngakhale dontho.

Bambo ake, a Bogumił,
zaka makumi atatu ankanyamula zitsulo ndi makina padoko.
Lero amawerenga masitepe ofikira kuchimbudzi.
Mapiritsi asanu ndi limodzi patsiku,
ambiri amasungunukira panjira
chilonda cha m'matumbo asanachione.

Ndi kapani wakasamutsira m'botolo lachiwiri.
Nambala ya pH yakwera mpaka seveni.
Kamkanda kamva kuti kafika.
Kafufuma, ulusi wake wamasuka,
utoto wachikasu wayamba kuwanda m'madzi
mosapupuluma, monga tiyi m'kapu.

Aka n'kachi 31.
Tina tinaphulika m'asidi,
tina tinaumira gwa mpaka m'mawa.

Foni yalira.
"Katseguka?" atero bambo.
"Katseguka, koma kafulumira ndi mphindi khumi."
Aseka mpaka kutsokomola:
"Katengera mayi ako malemu,
chinsinsi sichinkagona m'kamwa mwawo."

Jagoda walemba khumiyo m'kope, wamuzunguliza kawiri.
Panja matalala akwirira njanji,
tiramu yomaliza yadutsa yopanda iye.
Watsuka mabotolo,
wayeza ufa wa kachi 32.