Mphatso ya Azakhali Elspeth

Lachinayi usiku, Dundee wazizira ngati mpeni.
Mphepo yochokera ku mtsinje wa Tay ikugogoda pawindo,
ine ndili patebulo la kukhitchini
ndi makina anga opukusa ndi dzanja,
aja ndinagula kwa mayi wina
amene zala zake zinayamba kumukana.

Loweruka Azakhali Elspeth akwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu.

Ndiyala pepala lolimba pakati pa timatabwa tiwiri tapulasitiki,
pamwamba pake kachitsulo kooneka ngati duwa,
kakuthwa kunsi kokha,
ndiyamba kupukusa.
Pofika pakati makina amauma khosi,
dzanja limachita kukakamiza,
kenako khwaa! ngati waponda chikamba cha dzira,
duwa latulukira mbali inayo,
lopanda fungo, lopanda minga,
m'pepala mwatsala bowo looneka ngati ilo lomwe.

Masiku atatu ndakhala ndikukangana ndi mitundu.
Chofiirira ichi chakuwa kwambiri,
chobiriwira icho chikukumbutsa makoma a kuchipatala.
Ndinakwera basi kawiri kukasaka chikasu
chofanana ndi juzi ija ankavala ponditenga kusukulu.

Foni yalira. Ndi Lachlan, mwana wawo.
Akufunsa za keke, za mipando, za amene abweretse mbale,
ndiye pomaliza, ngati akunena za nyengo:
"Paja ukudziwa maso aja?
Adokotala ati basi. Zonse ndi nkhungu tsopano."

Ndakhala duu.
Chikasu changa chili apo, chikundiyang'ana.

Ndazimitsa nyale.
Mumdima maluwa onse ndi amodzi,
zala zikungoterereka, sizikumva kanthu.
Ndayatsanso, ndayambira pachiyambi.

Nambala eyiti ndaidula kasanu ndi kamodzi,
ziro chimodzimodzi,
ndazisanjikiza ndi guluu, ina pamwamba pa inzake,
mpaka zatumphuka ngati chipsera chakale.
Mlatho wa njanji ndaudinda mwamphamvu
kuti mizati yake iwerengeke ndi chala.
Mbalame za kunyanja zitatu, mapiko opindira m'mwamba;
yachinayi yang'ambika khosi, ndaitaya,
kenako ndaitolanso m'bini.
Timabowo ting'onoting'ono totsalira m'chitsulo
ndikutitokosa ndi singano, kamodzikamodzi,
pansi pachita kuyera ngati kwagwa chipale chofewa,
mphaka akuyetsemula.

M'kabati muli chingwe cha chiguduli.
Azakhali analowa m'fakitale yoluka ziguduli ali ndi zaka khumi ndi zisanu,
phokoso la makina linawadya khutu limodzi,
mpaka lero amalankhula mokuwa ngakhale m'tchalitchi.
Ndadula chingwecho, ndachizunguliza m'mphepete,
chokhakhala, chonunkha fumbi la kale lija.
Koloko yagunda kawiri. Tiyi wazizira kalekale.
Chala changa chamatirira pa ziro.

Loweruka, m'holo ya mpingo,
mabuloni, masangweji, ana akuthamangitsana pansi pa matebulo.
Ena apereka mafuta onunkhira, ena bulangete.
Ine ndaika kabokosi kanga pamiyendo pawo.

Sanayang'ane pansi.
Nkhope ili kudenga, zala zayamba ulendo:
eyiti, ziro,
mizati ya mlatho, milomo ikuwerenga chamumtima,
mbalame, mbalame, mbalame,
ndi ija yomatidwa khosi, aima pang'ono, apitirira.
Pofika pa chingwe zala zaima nji.
Achinyamula, achinunkhiza.
Holo yonse ikuyimba, iwo sali muno.

Kenako chala chachikulu chabwerera pakona,
pamene guluu anatuluka n'kuuma ngati msozi.
"Apa," atero mokuwa, mpaka abusa acheuka,
"apa unathamanga, Ishbel.
Kufakitale akanakubwezera."

Koma kabokosiko sanakapereke kwa Lachlan
kuti akaike pamodzi ndi mphatso zina.
Keke anadya ndi dzanja limodzi.